Reuben wa m'mbale imodzi: chakudya cha mu uvuni cha tsiku lomwe mwaweruka mochedwa

Pali masiku ena mumafika pakhomo dzuwa litalowa kale, miyendo ikulemera, ana akukuyang'anani m'maso kudikira mgonero, inu mulibe mphamvu yoima pamoto kuyang'anira mapoto atatu. Chakudya ndikufuna kukuphunzitsanichi ndi cha masiku oterowo. Ntchito ya manja ndi mphindi 20 kapena 25, kenako uvuni umatsiriza wokha inu mukusamba.

Chinachokera ku sangweji yotchedwa Reuben, yomwe imagulitsidwa m'malo odyera a ku America otchedwa deli. Pakati pa magawo awiri a buledi wa rye amaikapo nyama ya ng'ombe yosungidwa mumchere, yomwe Azungu amati corned beef, kabichi wowawasa wa Chijeremani wotchedwa sauerkraut, tchizi wa ku Switzerland ndi msuzi wa mayonezi, kenako n'kuikazinga pachiwaya ndi batala mpaka tchizi asungunuke. Za yemwe anaiyambitsa anthu amalimbirana mpaka lero. A ku Omaha, m'chigawo cha Nebraska, amati ndi Reuben Kulakofsky, mwini golosale yemwe ankasewera makadi ndi anzake ku Blackstone Hotel m'zaka za m'ma 1920. A ku New York amati ayi, ndi Arnold Reuben, yemwe anali ndi malo odyera a dzina lake mumzindamo, cha m'ma 1914. Chomwe chinaitchukitsa dziko lonse la America ndi mpikisano wa masangweji wa mu 1956, umene mayi wina wa ku Omaha, Fern Snider, anapambana nayo. Ambiri amaiganizira ngati chakudya cha Chiyuda chifukwa cha malo amene imagulitsidwa, koma malamulo a zakudya a Ayuda saloleza kudya nyama pamodzi ndi za mkaka, ndiye m'deli yosunga malamulowo simungaipezemo.

Kukazinga masangweji asanu ndi limodzi, imodziimodzi, n'kotopetsa, ndipo woyamba kulandira amamaliza kudya womaliza asanalawe. N'chifukwa chake amayi a kumeneko anayamba kuyala zonsezi m'mbale imodzi yakuya n'kuika mu uvuni. Iwo amati casserole.

Ndisanatchule zofunika kugula, mvetsani chinthu chimodzi, chifukwa chakudya chonsechi chagona pamenepo. Mdani wake ndi madzi. Sangweji ikakhala pachiwaya chotentha, madzi a kabichi amauluka ndi nthunzi ndipo buledi amakhala wokhukhuta. M'mbale yakuya madziwo alibe kothawira. Amatsikira pansi, buledi n'kuwamwa. Ulendo woyamba umene ndinaphika, ndinangokhuthula kabichi kuchokera m'botolo osafinya bwino. Pamwamba panapsa mokongola, koma nditalowetsa supuni, pansi panali phala lotuwa lowawasa, ndipo tchizi yense wodula uja anapita pachabe. Kuyambira tsiku limenelo ndimachita zinthu zitatu mosalephera: kufinya kabichi, kuumitsa buledi ndi kukazinga nyama. Zina zonse mukhoza kusintha mmene mungafunire, koma zitatu izi musazidumphe.

Zofunika

Muyezo uwu ndi wa anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi, m'mbale ya mu uvuni ya masentimita 23 m'lifupi ndi 33 m'litali, kapena ina yoyandikira pamenepo.

Buledi, magawo 8.
Corned beef, magalamu 500, kapena zitini ziwiri.
Kabichi wowawasa, magalamu 450, kapena theka la kabichi wamkulu wa pamsika.
Tchizi, magalamu 300.
Mazira 3 ndi mkaka kapu imodzi ya mamililita 250.
Batala kapena majarini, masupuni aakulu 3.
Anyezi mmodzi wamkulu.
Za msuzi: mayonezi mamililita 180, tomato sosi masupuni aakulu 3, nkhaka zosungidwa mu viniga masupuni aakulu 3 zoduladula, ndi masitadi kapena tsabola pang'ono.

Mchere sindinaulembe dala. Nyama, kabichi wowawasa ndi tchizi zonse zili nawo kale, ndipo mukathiranso wina mudzamwa madzi usiku wonse.

Za buledi. Rye ndi mbewu yofanana ndi tirigu yomwe imalimidwa kumayiko ozizira monga Germany, Poland ndi Russia. Buledi wake ndi woderako, wolemera, wowawasa pang'ono, ndipo nthawi zambiri amaikamo timbewu tonunkhira totchedwa caraway. Amene muli ku Johannesburg, London kapena mizinda ina yaikulu mumupeza m'sitolo mosavuta. Kwathu kuno savuta kusowa, ndiye gulani buledi wa bulawuni, makamaka wa dzulo kapena dzana. Buledi woyera wofewa wa lero lomwe ndiye woipitsitsa, amasungunuka ngati pepala. Mukapeza timbewu ta caraway pa shelefu ya zokometsera, gulani kapaketi kamodzi. Supuni yaing'ono imodzi yokha imapatsa buledi wamba fungo la rye, ndipo kwa ine fungo limenelo ndi theka la Reuben.

Za nyama. Corned beef ya ku deli ndi chidale cha ng'ombe chomwe chimaviikidwa m'madzi a mchere ndi zokometsera kwa masiku angapo, kenako n'kuphikidwa pang'onopang'ono n'kuchekedwa mopyapyala. Dzinali silikhudzana ndi chimanga, chomwe pa Chingelezi amati corn, ayi. Kale Angelezi ankatchula timiyala ta mchere wokhakhala kuti corns. Ife yomwe timaidziwa ndi ya m'chitini, ija timatsegula ndi kakiyi n'kuthira mu tomato ndi anyezi ndiwo zikasowa. Si yofanana ndi ya ku deli, ndi yofewa komanso ya mafuta ambiri, koma ikakazingidwa bwino imagwira ntchito, ndipo ine ndi imene ndimagwiritsa ntchito nthawi zambiri. Zitini zambiri zimakhala za magalamu 300 kapena 340. Ziwiri zikwana.

Za tchizi. Weniweni wa Reuben ndi wa mabowo uja, Emmental, wochokera kuchigwa cha mtsinje wa Emme ku Switzerland. Mabowowo amapangidwa ndi mpweya umene tizilombo tothandiza timatulutsa tchizi akamakhwima. Ndi wodula ndipo sapezeka paliponse. Gouda ndiye woyandikira, cheddar nayenso alibe vuto. Ndalama ikachepa, magalamu 200 akwana, mungochepetsa wa pakati n'kusunga wa pamwamba.

Choyamba, kabichi

Ngati mwagula sauerkraut wa m'botolo, mukhuthulireni pa sefa madzi atsike. Mulaweni. Akakhala wowawasa mopweteka mano, mutsukeni kamodzi ndi madzi ozizira, koma osapitirira, chifukwa kuwawasako ndiko kumaletsa mafuta a nyama ndi tchizi kukola. Kenako tengani nsalu yoyera ya m'khitchini, muikemo kabichiyo, mangani ngati kaphukusi n'kupotokola ndi manja awiri. Mudabwa ndi madzi otuluka, nthawi zina amafika theka la kapu. Potokolani mpaka madontho aleke. Mukamasula, kabichiyo azioneka ngati mpira wouma umene mukufunika kuumwaza ndi zala.

Ngati mulibe wa m'botolo, ndipo ambiri a ife tilibe, pangani wanu wachangu. Dulani theka la kabichi mopyapyala kwambiri, kuposa mmene mumadulira wa ndiwo. Thirani supuni yaing'ono imodzi ya mchere, fikisani ndi manja ngati mukuchapa, mpaka afewe ndi kuyamba kutuluka thukuta. Musiyeni mphindi 15 mukugwira zina. Kenako finyani, ikani m'poto wopanda mafuta, thirani viniga woyera mamililita 80, shuga supuni yaing'ono imodzi, ndi caraway ngati alipo. Phikani osavundikira pamoto wapakatikati mphindi 6 mpaka 8, mukutakasa, mpaka viniga aphwe pansi pa poto. Akazizirako, finyaninso. Kabichi ameneyu alibe kakomedwe kakuya ka wosasa, koma m'mbale muno amakwanira bwino.

Amene mwakonda chakudyachi ndipo mukufuna kumachiphika kawirikawiri, sauerkraut weniweni si wovuta. Ndi kabichi ndi mchere basi, magalamu 20 a mchere pa kilogalamu imodzi ya kabichi wodula. Mumafikisa mpaka atulutse madzi ake, n'kumutsendera m'botolo loyera kuti madziwo amumize yense, n'kuika kanthu kolemera pamwamba kuti asayandame. Chivundikiro musamange kwambiri chifukwa mumatuluka mpweya. Pakatha sabata imodzi yambani kulawa. M'nyengo yotentha amasasa msanga, mu Juni ndi Julayi amachedwa, mwina masabata atatu. Ndi ntchito yomweyo ya tizilombo imene imawawasitsa chambiko ndi thobwa. Akafika pomwe mukufuna, muikeni mu firiji. Koma izi ndi za Loweruka, osati za usiku wa lero.

Chachiwiri, buledi

Yatsani uvuni pa madigiri 180. Dulani magawo onse 8 kukhala timabokosi tofanana ndi chala chachikulu, makoko ake omwe. Gawani pawiri. Theka loyamba liyaleni pa thireyi liume mu uvuni mphindi 8 mpaka 10, uvuni ukutenthera pomwepo. Sitikufuna lipserere, lingouma kuti mukaligwira lizimveka kukhakhala. Theka lachiwiri liikeni m'mbale, sungunulani masupuni awiri a batala, thirani n'kusakaniza ndi manja kuti kachidutswa kalikonse kanyezimire. Ili ndi la pamwamba, lisungeni pambali.

Chachitatu, nyama

Buledi ali mu uvuni, ikani chiwaya pamoto. Dulani anyezi, siyani kachidutswa kakang'ono ka msuzi, wotsalayo mukazinge ndi kamafuta pang'ono mpaka afewe. Thiranimo nyama ya m'chitini, iphwanyeni ndi supuni n'kuiyala chiwaya chonse.

Apa pamafunika kudekha. Musaitakase. Isiyeni mphindi zitatu kapena zinayi ikulira pachiwaya, mpaka m'mphepete muyambe kuderako. Mukatembenuza muona kuti pansi pachita kakhoko kofiirira kokhukhuta, ndipo fungo lasintha, lachoka ku fungo la chitini n'kukhala la nyama yootcha. Tembenuzani, dikiraninso mphindi zitatu. Mukamatakasa pafupipafupi nyamayi imangosanduka phala. Ikapsa, pendeketsani chiwaya, mafuta atsikire mbali imodzi, muwachotse ndi supuni. Atuluka ambiri, ndipo akapita m'mbale adzanyowetsa buledi monga momwe madzi akanachitira.

Amene mwapeza corned beef yocheka ya ku deli, kapena pastrami, nyama ina ya ku deli yofanana nayo, ingoiduladulani n'kuipititsa pachiwaya mphindi ziwiri. Nyama ya ng'ombe yotsala dzulo, yowiritsa kapena yootcha, ikhozanso kulowa, koma imeneyo ilibe mchere wokwanira ndiye muithire pang'ono.

Msuzi

Uwu ndi wa mphindi ziwiri. Sakanizani mayonezi, tomato sosi, nkhaka zoduladula, kachidutswa ka anyezi kaja kodulidwa tosaoneka, ndi supuni yaing'ono ya masitadi. Wotsekemerako chonchi amautcha Thousand Island, dzina la zilumba za mumtsinje wa St Lawrence pamalire a America ndi Canada. Reuben yakale inkakhala ndi wina wotchedwa Russian dressing, womwe ndi wowawako chifukwa amathiramo muzu woyabwa pamphuno wotchedwa horseradish. Ine ndimakonda wowawa, ndiye ndimathira kambuzi mmodzi wosinja. Ngati ana adya nawo, ikani tsabola patebulo aliyense adzithirire yekha. Nkhaka za m'botolo zikasowa, dulani nkhaka yaiwisi timagawo tating'ono, muiviike mu viniga ndi kashuga mphindi 10, kenako muifinye.

Patulani masupuni atatu kapena anayi a msuziwu, mudzathira podya.

Kuyala

Pakani batala wotsala uja m'mbale yonse, pansi ndi m'mbali. Yalani buledi wouma pansi. Menyani mazira atatu ndi mkaka, thirani pa buledi mozungulira kuti paliponse pafike, kenako kanikizani ndi chikhatho. Dikirani mphindi zisanu. Mwina mukufunsa kuti bwanji tikunyowetsa buledi amene tavutika kuumitsa. Kusiyana kwake n'kwakuti mkaka wa mazira ukatentha umagwirana n'kulimba, ndipo umamanga pansi pa mbale kuti mudzathe kudula chidutswa n'kuchinyamula chathunthu. Buledi wouma amamwa mazirawo n'kukhuta, ndiye sakhalanso ndi malo a madzi a kabichi. Buledi wosauma amamwa zonse ziwiri n'kuphwasuka.

Pamwamba pake wazani gawo limodzi mwa magawo atatu a tchizi. Tchizi ameneyu akasungunuka amakhala ngati chotchinga pakati pa buledi ndi zonyowa za pamwamba, ndiye musamusamutsire kwina. Kenako yalani nyama. Kenako kabichi, mukumumwaza ndi zala kuti pasakhale zibuma, chifukwa wodzalandira chibuma cha kabichi yekhayekha sadzasangalala. Donthezani msuzi ndi supuni malo osiyanasiyana n'kuufalitsa ndi kumbuyo kwa supuniyo. Wazani tchizi yense wotsala. Pomaliza mwazani buledi wa batala uja, osamukanikiza, angokhala pamwamba momasuka kuti moto umuzungulire.

Kuphika

Vundikirani ndi foyilo, koma asagunde tchizi. Ikani pa shelefu ya pakati pa uvuni mphindi 20. Kenako chotsani foyilo, muphikenso mphindi 15 mpaka 20 osavundikira. Nthawi yachiwiriyi ndi imene nthunzi yotsala imathawa ndipo buledi wa pamwamba amafiira. Musadalire wotchi yokha chifukwa mauvuni amasiyana. Yang'anani m'mbali mwa mbale: tchizi aziwira timathovu tating'ono, pamwamba pakhale pofiirira ngati mandasi opsa bwino. Lowetsani mpeni pakati mpaka pansi n'kukankhira pambali pang'ono. Mukaona mkaka wa madzimadzi ukudzaza pomwe mwabayapo, onjezerani mphindi zisanu. Pamwamba pakayamba kuda pakati pasanapse, bwezerani foyilo.

Mukatulutsa, musadule nthawi yomweyo ngakhale fungo likukoka aliyense kukhitchini. Isiyeni mphindi 10. Ikatentha kwambiri tchizi amakhala ngati madzi ndipo zonse zimagumuka pa mbale. Ikapumako, zigawo zimagwirana, mumadula n'kuona mizere yake bwinobwino: buledi pansi, nyama yofiira, kabichi wotuwa, tchizi akukokeka.

Magetsi akazima, kapena ngati mulibe uvuni

Njira ndi yomwe ija amayi amaphikira chigumu pa mbaula. Tengani poto waukulu wokhuthala pansi, wokhala ndi chivundikiro chachitsulo chopanda chogwirira cha pulasitiki. Buledi mumuumitse pachiwaya chopanda mafuta. Yalani zonse m'potomo monga tafotokozera, koma batala wa pansi achulukeko. Makala akhale oti ayaka kale n'kuchita phulusa loyera. Pansi siyani ochepa kwambiri, ambiri muwaike pa chivundikiro. Moto wa pansi ukachuluka, mazira ndi buledi zimapserera pakati pasanatenthe n'komwe, ndipo fungo la kupserera limalowa chakudya chonse. Zunguzani poto pang'ono mphindi khumi zilizonse kuti mbali imodzi isapse yokha. Pakatha mphindi 25 tsegulani mosamala phulusa lisagweremo, pukutani madzi a nthunzi omwe ali kunsi kwa chivundikiro, bwezerani ndi makala atsopano pamwamba kwa mphindi 10 kapena 15. Kupukuta chivundikiroko kukhoza kuoneka ngati kanthu kakang'ono, koma madontho amenewo akagwera pa buledi wa pamwamba sakhukhutanso.

Kudya ndi kusunga

Chakudyachi n'cholemera, chili ndi nyama, tchizi, mazira ndi mayonezi m'chidutswa chimodzi, ndiye sichifuna mpunga kapena mbatata pambali. Chimafuna chinthu chozizira ndi chopepuka. Ku deli amapereka nkhaka yowawasa pambali pa sangweji. Ine ndimadula tomato ndi nkhaka n'kufinyira ndimu, osathira mafuta. Pa chidutswa chilichonse donthezani kamsuzi munapatula kaja.

Ngati mukudziwa kuti mawa mudzaweruka mochedwa, konzani kabichi, nyama ndi msuzi usiku wa lero, chilichonse m'kabakuli kake mu firiji. Musayaliretu m'mbale, chifukwa kabichi ngakhale wofinya bwino akagona usiku wonse pa buledi amatulutsabe madzi. Kuyala kokha ndi mphindi zosakwana khumi.

Zotsala zilowe mu firiji pasanathe maola awiri, makamaka nthawi yotentha, ndipo zidyedwe pasanathe masiku atatu. Potenthetsa, maikulowevu amafewetsa buledi wa pamwamba. Bwino uvuni pa madigiri 180 kwa mphindi 12 mpaka 15. Njira imene ine ndimaikonda ndi ya chiwaya: kabatala pang'ono, ikani chidutswa chozizira, vundikirani pamoto wochepa mphindi zisanu kuti pakati patenthe, kenako vundukulani, tembenuzani, n'kuchisiya mphindi ziwiri kapena zitatu mpaka tchizi wotuluka m'mbali achite kakhoko.